Madzi Afika Pati

Anatipatsa chipinda chakumapeto ku Gulupu,
momwe kale ankasungamo mabedi othyoka.
Tebulo, mipando iwiri, zenera losatsekeka bwino,
ndi mafunso makumi asanu ndi limodzi
amene tinawasandutsa Chichewa miyezi itatu,
tikukangana mpaka tiyi kuzizira.

Dokotala Kathewera anati:
sitikufunsa ngati munthu ali bwino kapena ayi.
Mudi akasefukira nthawi ya dzinja
palibe amafunsa ngati muli madzi.
Timafunsa: afika m'mawondo, m'chiuno, kapena m'khosi?
Tsono yankho lililonse lili ndi makwerero anayi:
ayi, pang'ono, ndithu, kwambiri.

Woyamba anali Bambo Malikebu,
osoka nsapato pafupi ndi Wenela.
Ndinawerenga: "Ndimamva ngati m'kati mwanga mulibe kanthu."
Anasuzumira wotchi yanga.
"Ikamakwana leveni, inde. Lero ndanyamuka osalawa."
Ndinalemba ndi pensulo m'mphepete mwa pepala:
funsoli lagwera m'mimba,
tilitole, tilikweze ku mtima.

Mayi Nasiyaya a kaunjika ku Limbe
anaseka mpaka duku kusunthika
nditati: "Ndimakayikira zolinga za anthu."
"Mwana wanga, unaimapo pamsika tsiku lamalipiro?
Wosakayikira amabwerera kwawo ndi mahang'ala okha."
Anasankha kwambiri.
Pepala likuti chenjera naye.
Ine ndikuona mayi wolera ana anayi ndi maso osaphethira.

Sungeni wa ku Ndirande sanaseke.
"Ndimakonda kukhala ndekha."
Ndekha kuti? Timagona asanu ndi awiri chipinda chimodzi.
Kenaka, akukanda tebulo ndi chikhadabo:
koma Lamlungu ndimakwera phiri,
kumene mitengo inatha,
ndimakhala pamwala mpaka magetsi a m'tauni kuyaka.
Achemwali, imeneyo ndi pang'ono kapena kwambiri?
Sindinamuyankhe. Malamulo salola.
Ngakhale akanalola.

Lachisanu tinapereka mapepala kwa mphunzitsi wa ku Chichiri
amene sanaonepo mafunso oyamba,
kuti awabwezere kuchilankhulo chimene anachokera.
Anabwerako ngati wilibala yobwereketsa:
yomweyo, koma gudumu likulira mwina.
Manyazi anapita okha,
pobwera anatsagana ndi ulemu ndi mantha.
Mkwiyo unabwera utavala chitenje cha kudandaula.
Tinafufuta, tinalembanso,
labala anatha, tinagula wina.

Sabata yachitatu kunabwera Etinala,
chikwama atachikumbatira pachifuwa ngati wina achilanda.
Mafunso makumi awiri anawadutsa mothamanga,
ayi, ayi, pang'ono, ayi.
Ndiye ndinafika pa lija tinalimbana nalo masiku anayi:
"Anthu akandiyandikira ndimawathamangitsa,
akachoka ndimawalirira."

Anatsitsa chikwama pansi.
"Wakuuzani ndani?"

Palibe, ndinatero. Ndi funso chabe.
"Ndiye kuti alipo ena?"
Alipo.
"Kunonso ku Blantyre?"

Panja troli inadutsa ikugwedeza mabotolo.
Anatenga pensulo m'manja mwanga,
anazunguliza yekha kwambiri,
kawiri, mpaka pepala kubooka.
Dokotala adzawerengera manambala,
adzaona ngati mafunso akugwirizana
ngati njerwa za khoma limodzi.
Bowolo sililowa m'kompyuta.

Madzulo, m'minibasi ya ku Chilomoni,
kondakitala akukangana ndi wina za chenji,
foni yanga inanjenjemera m'thumba.
Mng'ono wanga, kachitatu lero.
Ndinaiyang'ana mpaka inaleka,
kenaka mtima unayamba kufunsa
chifukwa chake sakuimbanso.

Ndinali ndi pepala limodzi losalemba m'chikwama.
Sindinalitulutse.
Ndikulidziwa pamtima, ndinalimasulira ndine.
Pa siteji yathu ndinatsika,
ndinaima kaye pafupi ndi wootcha chimanga,
ndikudziyeza mwakachetechete:
m'mawondo,
kapena pamwamba pang'ono.